Forgejo pa NixOS: app.ini ikungobwerera mwakale magetsi akathima

Che Saidi: Anzanga thandizeni, mutu wandiima. Ndinaika Forgejo, pulogalamu yosungira code ngati GitHub koma ya pa seva yako, pa desktop yakale ku ofesi kwathu kuno ku boma, pa NixOS (Linux imene zonse umazilemba mu fayilo ya configuration.nix), kuti ine ndi anyamata awiri tizipusha code pa LAN osamaliza bandulo. services.forgejo.enable = true, nixos-rebuild switch, inadzuka bwinobwino pa port 3000. Kenako ndinalowa ndi nano mu /var/lib/forgejo/custom/conf/app.ini, fayilo ya ma settings a Forgejo, kusintha DOMAIN ndi ROOT_URL. Dzulo magetsi anathima, atabwera zonse zija zafufutika, link ya clone ikuonetsanso localhost. Kachitatu aka! Komanso git push ikungoti Permission denied (publickey). Disk yafa kapena?

Mercy: Disk ilibe mlandu achimwene. Fayilo imeneyo si yogwira ndi manja, service ikamadzuka imailembanso kuchokera mu configuration.nix. Lembani services.forgejo.settings.server.DOMAIN ndi ROOT_URL momwemo, mupange rebuild. Za push zo, onani remote yanu. Munazolowera git@ ya ku GitHub, koma pano user wake ndi forgejo, ndiye forgejo@ kenako IP.

aPhiri: Ndinanena kale ine. Ubuntu, Docker, mwamaliza. Fayilo ukasintha imakhala momwe waisiyira. Mukuzunzikiranji?

Che Jafali: Mukamasamutsa zimenezo samalani ndi password. Chilichonse cholembedwa mu configuration.nix chimakathera mu /nix/store, ndipo aliyense amene ali ndi akaunti pa makinawo atha kuwerenga. Ine zinandionekera ndikugwira ntchito ku Namwera. Ndinalemba password ya imelo ya ofesi momwemo, fayiloyo n'kuipushanso mu repo. Mwana wa attachment ndiye anabwera kudzandiwerengera password yanga pamtima, pamaso pa abwana. Ndinagona ku ofesi ndikusintha zonse. Chinsinsi chizikhala mu fayilo ina kunja kwa store, config izingoloza komwe ili.

aPhiri: Mwaona? Pa Ubuntu zimenezo kulibe.

Che Jafali: Ziliko bambo, anthu amapusha .env tsiku ndi tsiku.

Mercy: China, Che Saidi, musadalire kwambiri rollback. Anthu amati NixOS ikavuta ungobwerera ku generation yakale pa boot menu. Zoona, koma chimabwerera ndi pulogalamu yokha, database ayi. Ine ndinakweza version, Forgejo inapanga migration (kusintha database kuti igwirizane ndi version yatsopanoyo), kenako chinthu china chosakhudzana nkomwe chinathyoka ndiye ndinabwerera m'mbuyo. Forgejo yakale ija inakana kudzuka chifukwa database inali yapatsogolo kale. Linali Lachisanu madzulo, backup ndinalibe. Yatsani services.forgejo.dump.enable, imene imapanga backup yokha, musanakweze chilichonse. Ndipo dump imeneyo imagwera pa disk yomweyo, muziikopera kwina. system.stateVersion osaikhudza, si nambala yokwezera.

Yusufu: Kuwonjezera apo, configuration.nix musaisunge mu Forgejo yomweyo yokha. Makina akafa, chikalata chowadzutsira chafera momwemo. Ine ndimasunga pa flash ndi pa laputopu. Komanso rebuild yokweza channel imadya data kwambiri, imakoka zambiri ku cache.nixos.org. Osapanga pa hotspot ya foni masana.

aPhiri: Ndiye bandulo mumati mukupulumutsa ija yapita. Ndikubwereza, mwamuna mmodzi yekha mu ofesi ndiye akudziwa Nix, chilankhulo cholembera configuration.nix. Akadwala malungo Che Saidi, adzakonze ndani? Docker mnyamata aliyense wochokera ku koleji amaidziwa.

Mercy: Apo pokha mwanena zoona aPhiri. Koma fayilo imodzi yolembedwa zonse ndi yosavuta kusiyira mnzako kuposa seva imene munthu anaigwiragwira zaka zitatu osalemba paliponse.

aPhiri: Kuwerenga fayilo ndi kwina, kuimvetsa ndi kwina. Ubuntu basi.

Yusufu: Ine chikundidetsa nkhawa ndi kuthima kwa makinako. Kachitatu osatseka bwino, ndipo ngati simunasinthe muli pa SQLite, repo zonse pa hard disk yakale. Tsiku lina push idzaduka pakati. Ndiye kutentha kwa Okutobala kuno, fan yodzaza fumbi, desktop ili pansi pa tebulo. UPS, batire yogwirizira makina magetsi akathima, muli nayo?

Che Jafali: UPS zimene zikugulitsidwa masiku ano batire yake sichedwa kufooka ndi kutentha kwa kunyanjaku. Ku Monkey Bay tinangoika laputopu yakale ngati seva, batire yake yomwe ndiye UPS, rauta tinailumikiza ku sola.

Yusufu: Inverter munagula ya mawati angati? Yanga ikumalira ndikangolumikiza printer.