Khoswe akakhala pa mkhate sapheka: ndiye kuti tizingomuyang'ana?

Mdzukulu wa ku Mufakose:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ine ndinabadwira konkuno ku Harare, Chichewa ndinachiyamwira kwa agogo amene anachokera ku Ntcheu nthawi ya chitaganya, ndiye mawu ena akale amandidutsa.

Sabata yatha ndinapita ku ofesi ina m'tauni kukatengera mwana wanga chikalata chobadwira. Ndinafika mbandakucha, koma pofika masana anati mapepala atha, ndibwere mawa. Mawa lake chimodzimodzi. Tsiku lachitatu mnyamata wina wa jekete lachikopa anandikokera pambali pa geti, amvekere ndikatulutsa madola 20 chikalata chituluka lero lomwe. Ndinaona ndi maso angawa mayi wina akupinda ndalama m'kati mwa fomu, ndipo ola lisanathe anatuluka chake chili m'manja. Ine ndinakana, n'kukadandaula kwa mkulu wa pamalopo. Anandimvetsera bwinobwino, analemba m'buku. Potuluka mlonda anandinong'oneza kuti mnyamatayo ndi mphwawo wa bwana yemweyo.

Nditawafotokozera agogo anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Mwanawe, khoswe akakhala pa mkhate sapheka." Mkhate n'chiyani? Nanga mwambiwu ukundiuza kuti ndikhale chete? Zikundiwawa chifukwa bambo anga, obadwira ku Mbare, lamulo la 2001 linawasandutsa mlendo, osaloledwa kuvota, mpaka malamulo atsopano a dziko a 2013 anawabwezera unzika. Sindifuna mwana wanga akule wopanda mapepala.

Amayi a ku Highfield:
Pepa mwanangu. Mkhate ndi mbiya yadothi yakukamwa kwakukulu, yothiramo madzi osamba. Si mtsuko, mtsuko uli ndi khosi ndipo ndi wotungira. Kuumba mkhate ndi ntchito: kukumba dothi, kulikanya, kuuyanika pamthunzi masiku angapo, kenako kuuotcha. Tsono khoswe akakwera pamenepo, iwe chibonga chili m'manja, umaima kaye. Ukamenya uswa mkhate wako womwe. Akuluakulu ankanena mawuwa pa bwalo wolakwa akakhala mwana wa amfumu, kapena m'bale wa woweruza mlanduwo.

Amalume a ku Dzivarasekwa:
Agogo ako anena zimene maso awo anaona. Ife tinalipo mu 1988 pamene nyuzipepala ya Chronicle ya ku Bulawayo inaulula kuti nduna zikugula magalimoto ku fakitale ya magalimoto ya Willowvale pa mtengo wotsika n'kumakawagulitsa mokwera. Kunabwera kafukufuku wa woweruza Sandura mu 1989, anthu ankadzaza m'chipinda kukamvera, nduna zingapo zinatula pansi maudindo. Tinkati dziko lawongoka. Koma nduna ina imene khoti linaipeza yolakwa ponama italumbira inakhululukidwa ndi pulezidenti, ndipo mkonzi wa nyuzipepalayo, Geoffrey Nyarota, anachotsedwa pa mpando wake. Kuyambira pamenepo ndaona ambiri akumangidwa lero, mawa ali pa belo, mkuja mlandu wazilala. Mphwanga, ukalimbana ndi mnyamata wa pa geti ukulimbana ndi amene anamuika pamenepo.

Achimwene a ku Chitungwiza:
Amalume, ndi ulemu wonse, apa sindikugwirizana nanu. Kwathu ku Malawi pa 3 February 2020 oweruza asanu anathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha May 2019, chija anafufuta manambala ndi Tipp-Ex. Ankapita ku khoti moperekezedwa ndi asilikali. Munthu wina wachuma amene anayesa kuwapatsa ziphuphu anamuneneza, khoti linamupeza wolakwa mu 2021. Kodi pamenepo khoswe sanali pa mkhate? Anali pa mpando waukulu wa dziko! Chisankho chinabwerezedwa mu June chaka chomwecho ndipo dziko silinasweke. Sindikunena kuti katangale anatha, ayi, tonse tikudziwa za Cashgate ya 2013, kubedwa kuja kwa ndalama za boma, ndi zina zabwera pambuyo pake. Koma chimene chimandipweteka n'chakuti mwambiwu masiku ano amakonda kuutchula ndi makoswe eniake, pofuna kutiopseza kuti tikawakhudza tisokoneza mtendere.

Amayi a ku Highfield:
Achimwene mwanena zoona, ndipo ndionjezere. Kumudzi kwathu sindinaonepo mayi akupita kukagona n'kumusiya khoswe pa mkhate. Ankaitana ana, wina aime pakhomo, wina pangodya, iye n'kuugwedeza mkhatewo pang'ono. Khoswe akangodumphira pansi, zake zatha. Mwambiwu ine ndinaumva ngati wochenjeza za kaphedwe: usamenye ndi mkwiyo, usamenye uli wekha. Komanso funsani kuti mkhatewo ndi wa yani. Ofesi ija si ya bwanayo, inamangidwa ndi misonkho yathu, ife ogulitsa tomato pa Mbare Musika.

Mwanangu, gawo 81 la malamulo a dziko lino limati mwana wobadwira muno apatsidwe chikalata chobadwira mosachedwa. Lemba masiku onse amene unapitako, nthawi yake, ndi zimene anakuuza. Funafuna ena amene anapemphedwa ndalama. Mukakhala atatu kapena anayi mukapereke dandaulo lolemba ku ZACC, bungwe lolimbana ndi katangale muno m'Zimbabwe, ndipo musunge pepala lanu lodindidwa.

Mdzukulu wa ku Mufakose:
Zikomo nonse. Usiku ndinawawerengera agogo mayankho anuwa. Atamva za ana oima pakhomo anaseka mpaka kutsokomola, akuti malemu agogo aakazi ankatero ndithu, ndipo iwo ndi amene ankagwira tsache. Akuti sanandiletse, amangoopa kuti ndipita ndekha. Masiku atatu aja ndawalemba kale m'kope la mwana. Lolemba ndikubwererako, ndipo mayi wina wa mumsewu mwathu amene anabwezedwa kawiri wavomera kuti tipitire limodzi. Ngati alipo wina zinamuchitikira, tikumane pa malo okwerera mabasi a Copacabana 6 koloko m'mawa.