Alpha ya Cronbach ikutuluka negative pa Rosenberg, thandizeni msanga

NaBanda: Anzanga, mutu waima. Ophunzira a chaka choyamba agwiritsa ntchito Rosenberg Self-Esteem Scale, fomu ya mafunso 10 yoyezera mmene munthu amadzionera, mayankho 1 mpaka 4, ofunsidwa 60. Pulogalamu yowerengera ya SPSS ikutulutsa alpha (nambala yoonetsa ngati mafunso akuyeza chinthu chimodzi) ya negative, malipoti akufunika Lachisanu. Chavuta n'chiyani?

aPhiri: Mayi, mafunso ozondoka simunawatembenuze. Mwa 10 aja, 5 analembedwa moti wovomereza ndiye akudziona wachabechabe. Pitani pa Transform, Recode into Different Variables: 1 akhale 4, 2 akhale 3, 3 akhale 2, 4 akhale 1. Koma musadalire manambala a mafunso. Fomu ina ozondoka ndi 2, 5, 6, 8, 9, ina ndi 3, 5, 8, 9, 10. Werengani mawu ake limodzilimodzi.

aMwale: Anthu 60 ndi ochepa. Aonjezere sample basi.

aPhiri: Ayi akulu. Kuchepa kwa anthu kumangochititsa kuti alpha isakhazikike. Mafunso 10 amapanga mapeya 45. Osatembenuza, mapeya 25 amatsutsana, ogwirizana 20 okha, ndiye avareji ya covariance (mmene mayankho a mafunso awiri amayendera limodzi) imagwera pansi pa ziro. Ngakhale mufunse anthu 1,000 sizisintha.

NaJere: Chenjezo langa ndi Recode into Same Variables. Wophunzira akaithamangitsa kawiri, manambala amabwerera mwakale ndipo SPSS simuuza. Asunge faelo yoyamba osaikhudza. Onaninso ngati osayankha analembedwa 99. Ikapanda kulembetsedwa pa Missing mu Variable View, 99 imawerengedwa ngati yankho lenileni.

aMwale: Zonsezo ndamva, komabe 60 ndi ochepa. External examiner adzafunsa zimenezo.

NaJere: Adzafunsadi, koma ndi nkhani ina, bambo. China, mayi: alpha ikakwera koma osafika 0.70, mulingo umene ambiri amauvomereza, ana amathamangira Scale if item deleted n'kuyamba kufufuta mafunso. Aletseni. Funso 8, lonena kuti "ndikanakonda ndikanamadzilemekeza kwambiri", limakonda kuvuta m'mayiko ambiri chifukwa ena amalimva ngati chikhumbo chabwino, osati kudziderera. Alembe zimenezo mu lipoti, asalichotse mwakachetechete, apo ayi zotsatira zawo sizingafanizidwe ndi za ofufuza ena.

aPhiri: Kodi fomuyo anaimasulira m'Chichewa? Ngati ndi choncho, pakufunika munthu wina amene sanaone yachingerezi aibwezere ku Chingerezi, mufanizire.

aMwale: Ndipo pilot, anthu oyesera nawo fomu yomasulirayo, isalowe mu 60 muja. Mwaona kuti atsala ochepanso?