MGB ya 1971: taika distributor ya pulogalamu, koma galimoto sikukoka ndipo ikutentha

Wofunsa:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi galimoto ya MGB ya 1971 ya kasitomala, injini ya 1798cc, makabureta awiri a SU. Distributor yake (chogawa moto ku mapulagi) ya Lucas 25D inali itatheratu: shafiti ikugwedera, masipuling'i a advance (kufulumizitsa moto) atafooka, dwell (madigiri amene mapointi, tizitsulo todula magetsi, amakhala otseka) ikungoyendayenda m'malo mokhazikika pa madigiri 60. Mwini wake anabweretsa distributor ya 123\TUNE+, ija mumaikonza pa foni kudzera pa Bluetooth. Ndinaimika injini pa TDC (pisitoni ili pamwamba penipeni) potsatira chizindikiro cha pa pule, n'kuzunguliza distributor mpaka kagetsi kobiriwira kaja kayaka, kenako n'kumanga. Mawaya a mapulagi ali 1-3-4-2, motsatira mmene rota imazungulirira, mosemphana ndi wotchi.

Kulira ikulira kamodzi n'kamodzi, idle ilibe vuto. Koma pamsewu ndi yaulesi zedi. Pachitunda ikupempha giya yotsika, singano ya kutentha ikukwera, manifodi ya ekizozi ikuchita kuwawula nkhope ukatsegula boneti. Mwini wake akuti ndi mapointi akutha aja inkathamanga kuposa pano, ndipo sakunama, ndinaiyendetsa ndekha isanasinthidwe.

Wamagetsi:
Achimwene, zonse mwanenazi zikuloza kumodzi: moto ukuchedwa. Petulo akayaka mochedwa amakamalizira kupsa pisitoni itatsika kale, mphamvu imapita ku ekizozi ngati kutentha. Manambala a curve, tebulo la madigiri a advance pa rpm iliyonse, munawatenga kuti? Ndikufunsa chifukwa a Lucas amalembedwa m'madigiri a distributor, ndipo distributor imazungulira theka la liwiro la crankshaft. Mukatsegula 25D yakaleyo mupeza nambala yodindidwa pa cam, tinene 10. Ameneyo ndi madigiri 20 pa crank. Pulogalamu ya 123 imafuna madigiri a crank ndi rpm ya crank. Mukangokopera osachulukitsa kawiri, advance imakhala theka la yofunika, zizindikiro zake n'zomwezi.

Ndiuzeninso za koilo. Ndi ya ma ohm angati, ndipo pali ballast resistor?

Wofunsa:
Achemwali, za kuchulukitsa kawiri ndinazitsata. Ndaika madigiri 10 pa idle, ikukwera mpaka 32 pa 3500 rpm, payipi ya vakyumu ndaichotsa n'kuitseka kaye. Koilo ndi ya ma ohm 3, ilibe ballast, ikulandira 12V yonse. Chondizunguza mutu ndi ichi: foni ikuti 10, timing light (tochi yoonera madigiri pa pule) ikutinso 10. Ndikaponda mpaka 3500, foni 32, light 32. Zonse zikugwirizana bwinobwino.

Wamakabureta:
Ngati timing ili choncho, yang'anani mafuta. SU ikamapereka petulo wochepa, injini imatenthanso n'kufooka. Mapulagi akuoneka bwanji? Ndipo mu dashpot muli oilo?

Wofunsa:
Oilo alimo. Mapulagi ndi ofiirira, siotuwa ngati a injini yosowa petulo. Makabureta sindinawakhudze n'komwe, ndipo ndi omwewa inkakoka nawo bwino.

Mkulu wa gulu:
Makabureta asiyeni, amwene, alibe mlandu. Chimene chasintha ndi chimodzi, tiyeni tikhale pomwepo.

Mwati foni ndi timing light zikugwirizana. Zingalephere bwanji kugwirizana? Distributor imeneyi sidziwa pamene pisitoni ili. Imangokhulupirira kuti pamene munaimangira kagetsi katayaka, pamenepo ndiye TDC, ndipo madigiri onse imawerengera kuchokera pamenepo. Inu TDC munaitenga pa chizindikiro cha pa pule. Timing light nayo ikuwerenga chizindikiro chomwecho. Zili ngati mboni ziwiri zomwe zinamva nkhani kwa munthu mmodzi: kugwirizana kwawo sikutsimikizira kanthu.

Pule ya injini zimenezi, ngati ili ya damper, ili ndi zigawo ziwiri, chitsulo cha mkati chomwe chimagwira crankshaft ndi ling'i ya kunja, pakati pake pali labala. Chizindikiro chili pa ling'i ya kunja. Labala wa zaka zoposa 50 amauma, amang'aluka, oilo wodontha pa timing cover amamufewetsa, ling'i n'kuyamba kutsetsereka pang'onopang'ono. Nthawi ya mapointi palibe anazindikira chifukwa amene ankaikonza mwina ankazunguliza distributor ndi khutu mpaka injini italira bwino, chizindikiro osachiyang'ana. Inu mwatsatira buku, ndipo buku limaganiza kuti pule ili bwino.

Musanakhudze china chilichonse, pezani TDC yeniyeni pa pisitoni.

Wophunzira ntchito:
Pepani madala, ndifunseko. Kodi sitingangochotsa pulagi ya silinda 1, n'kulowetsa sikuludiraiva, n'kuona pamene yasiya kukwera?

Mkulu wa gulu:
Wafunsa bwino, mwana wanga. Njira imeneyo imathandiza kudziwa kuti uli pafupi, koma siyokwanira pano. Pisitoni ikafika pamwamba imakhala ngati yaima, crank ikuzungulirabe madigiri angapo uku ndi uku, dzanja silingamve kusiyana. Ife tikusaka madigiri omwewo.

Chofunika ndi piston stop, choimitsira pisitoni chomangidwa pa bowo la pulagi. Ngati mulibe, tengani pulagi yakutha, phwanyani choyera chija, wotchereranimo bawuti yotuluka pang'ono, nsonga yake muisalaze ikhale yobulungira kuti isakande pisitoni. Chotsani waya wa batire, chotsani mapulagi onse kuti injini izizungulira mopepuka. Tsitsani pisitoni ya 1 pang'ono, mangani stop ija. Zungulizani ndi dzanja, mwapang'onopang'ono, mpaka pisitoni itagunda. Lembani mzere pa pule moyang'anizana ndi dzino la TDC la pa timing cover. Ndiye zungulizani chobwerera mpaka itagundanso mbali inayo, lembaninso. Pakatikati pa mizere iwiriyo ndiye TDC yeniyeni. Yezani ndi tepi yofewa, osati ndi maso.

Musamale zinthu ziwiri. Pobwerera mufika pamwamba pa mbali imene mavalavu amakhala otseguka pang'ono, choncho chotsani rocker cover muziona, kapena masulani ma rocker a silinda 1 kuti valavu isakumane ndi bawuti yanu. Komanso pozunguliza chobwerera ndi sipanala mutha kumasula bawuti ya crank. Ine ndimaika giya yapamwamba n'kukankha galimoto pang'onopang'ono pamalo afulati. Sitata musaiyandikire n'komwe stop ili mkati.

Wamagetsi:
Kuwonjezera pa zimene anena akuluwa: kuti musandutse mamilimita kukhala madigiri, yezani kuzungulira kwa pule yonse n'kugawa ndi 360. Mwachitsanzo ikakhala 450 mm, digiri imodzi ndi 1.25 mm.

Wofunsa:
Ndabwerako. Madala, mwalasa. Chizindikiro chikufika pa dzino pisitoni itadutsa kale TDC ndi madigiri pafupifupi 9. Ndiye kuti 10 wanga uja anali 1, ndipo 32 anali 23. Nditapukuta pule n'kuwunika ndi tochi, labala ndi wong'alukang'aluka, mbali ina watupira kunja, ukamukanda ndi chikhadabo akunyenyeka.

Tsopano funso. Popeza distributor ndi ya pulogalamu, bwanji ndingowonjezera 9 pa nambala iliyonse mu foni? Kuchotsa pule pa MGB ndi ntchito ndithu, malo ndi opanikizika kutsogoloku.

Wamakabureta:
Poyesera chabe ndingavomere. Muone ngati mphamvu yabwerera, mumuonetse mwini wake, amvetse chifukwa chake pakufunika pule ina.

Mkulu wa gulu:
Poyesera, eya, koma ngakhale pamenepo musawonjezere mu foni. Pakani chizindikiro chatsopano pa TDC yeniyeniyo, imikani injini pamenepo, masulani distributor, ikaninso ndi kagetsi kaja. Manambala a mu foni azinena zoona. Galimotoyi idzafika kwa makaniko wina tsiku lina, adzaona 41 pa 3500 rpm, adzadabwa, adzatsitsa, vuto lidzayambiranso. Kapena wina adzasintha pule, n'kuika distributor pa TDC yoona, 41 uja akadali momwemo, injini n'kuyamba kugogoda mpaka kuwononga mapisitoni.

Koma galimoto isatuluke ndi pule imeneyo. Ling'i yomwe yayenda madigiri 9 siinaime, ipitiriza. Ndipo ntchito ya damper si kunyamula chizindikiro chokha, imameza kunjenjemera kwa crankshaft. Labala akatha, ntchito imeneyo yaima, ndipo ling'i ikhoza kuchokeratu injini ili pa liwiro, lediyeta ili pomwepo kutsogolo kwake. Muuzeni mwini wake mosabisa. Mukachotsa pule musinthiretu oil seal ya pa timing cover, chifukwa oilo wodontha adzadyanso labala watsopanoyo. Pule yatsopano nayo muiyeze ndi stop musanaikhulupirire, kenako mujambule mzere umodzi wa penti kuchokera pa chitsulo cha mkati, kudutsa labala, kufika pa ling'i. Mzerewo ukadzathyoka, aliyense adzaona ndi maso.

Wofunsa:
Mwini wake wavomera. Pule yatsopano yalowa pamodzi ndi seal, stop yatsimikiza kuti chizindikiro chili pamalo pake. Nditangoikanso distributor, idle inakwera yokha, ndachita kuitsitsa pa makabureta. Pachitunda chomwe chija yakwera ndi giya 4, singano ili pakati. Kwatsala vakyumu. Ndiyambire pati?

Wamagetsi:
Zasangalatsa, achimwene. Musanabwezere payipi, malizani kaye curve ya rpm. 10 ndi 32 ndi poyambira pabwino pa injini yosasinthidwa, koma petulo ndi compression ya injini iliyonse zimasiyana. Injini itatentha, giya 4, liwiro lotsika, pondani mpaka pansi pachitunda, mawindo otsegula. Mukamva kugogoda kwa tsetsetse ngati timisomali m'chitini, onani rpm imene kwayambira, tsitsani madigiri 2 pamalo pomwepo pokha, yesaninso. Ubwino wa distributor imeneyi ndi umenewu: kale kuchotsa madigiri 2 pa 2500 rpm kunkafuna kusintha sipuling'i kapena kubweza curve yonse. Foniyo agwire munthu wina, inu maso pamsewu.

Za vakyumu, tebulo lake limawerenga kPa ya absolute. Ndiye kuti 100 ndi mpweya wa panja, phazi lili pansi, ndipo pamenepo advance yowonjezera ikhale 0. Nambala ikamatsika ndiye kuti vakyumu ikukula, phazi lapepuka, petulo ndi mpweya zalowa zochepa ndipo zimapsa mochedwa, n'chifukwa chake zimafuna moto wofulumira. Ambiri amawerenga tebuloli chadodolido, n'kupatsa injini advance yambiri nthawi imene ikukoka katundu. Kapu ya vakyumu ya Lucas yakaleyo ili ndi manambala atatu odindidwa: poyambira, pothera, ndi madigiri. Awiri oyambawo ndi mainchesi a mercury, nambala yachitatu ndi madigiri a distributor, muchulukitsenso kawiri. Inchi imodzi ya mercury ndi pafupifupi 3.4 kPa, ndipo muchotsere pa 100.

Onaninso kumene payipi ikuchokera. Ikachokera pa kabureta, pa idle sipakhala vakyumu. Ikachokera pa manifodi, pa idle vakyumu imakhala yambiri, timing light ionetsa kuposa 10 mukangoilumikiza, musadabwe nazo.

Wamakabureta:
Timing ikakhazikika mubwerere ku ma SU, muwalinganize onse awiri. Anakonzedwa potsatira distributor yogwedera, tsopano moto wasintha.

Wofunsa:
Kapu yalembedwa manambala atatu monga mwanenera, ndawasandutsa n'kuwalowetsa. Payipi ikuchokera pa kabureta, timing ya pa idle yatsala pa 10. Inagogoda pang'ono cha m'ma 2500, ndachotsa madigiri 2 pamenepo, yasiya. Curve ndaisunga mu foni ya mwini wake, ndalembanso papepala n'kuika m'galimoto limodzi ndi 25D yakale ija. Mawa ndi makabureta. Zikomo kwambiri akuluakulu.