Kodi munthu womwa lithium angasale kudya ndi kuchezera kupemphera?

Wofunsa:
Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa odziwa za mankhwala a matenda a maganizo. M'gulu lathu la mapemphero muli mlongo amene ali ndi matenda a bipolar, matenda a maganizo amene munthu nthawi zina amatengeka mopitirira muyeso, nthawi zina n'kukhumudwa kwambiri. Amamwa lithium usiku uliwonse pamodzi ndi risperidone, ndipo wakhala bwino kwa chaka ndi theka. Gulu likukonzekera kusala masiku atatu osamwa ngakhale madzi, usiku womaliza n'kuchezera kupemphera. Iye akufunitsitsa kusala nafe. Ena amuuza kuti ayambe wasiya mankhwala masiku amenewo chifukwa amaononga kusala, ena akuti kupitiriza kumwa ndi kukayikira kuti anachira. Akudandaulanso kuti chiyambireni mankhwalawa samva kukoma kwa pemphero ngati kale. Wandilola kufunsa kuno osatchula dzina lake. Timuuze chiyani?

Namwino wa matenda a maganizo:
Achimwene, mwachita bwino kufunsa tsikulo lisanafike. Kusala kopanda madzi kwa masiku atatu, munthu womwa lithium asakuyese n'komwe. Lithium amatuluka m'thupi kudzera mu impso, ndipo impso zimamuona ngati mchere. Thupi likasowa madzi ndi mchere, impso zimayamba kuumira mchere, lithium nayenso n'kutsalira m'magazi. Mlingo wothandiza m'magazi nthawi zambiri umakhala pakati pa 0.6 ndi 1.0 mmol/L. Ukadutsa 1.5 mankhwala amayamba kusanduka poizoni, ukadutsa 2.0 moyo uli pachiswe. Mukuona nokha kuchepa kwa mpata umenewo. Munthu akhoza kufika pamenepo akumwa mapiritsi omwewo a masiku onse, osaonjezera ngakhale limodzi.

Zizindikiro zake muzidziwe nonse a m'gululo: manja kunjenjemera kwambiri kuposa kanjenjemera kamene amakhala nako kale, kusanza, kutsegula m'mimba, kudzandira ngati woledzera, lilime kulemera polankhula, kusinza ndi kusokonezeka mutu. Chondiopsa ine n'chakuti pakati pa mapemphero, munthu akayamba kunjenjemera ndi kugwa, anthu amamuzungulira n'kukweza mawu, maola n'kumapita. Mukaona zimenezi musamupatsenso lithium, mumwetseni madzi ngati akutha kumeza, ndipo muthamangire naye kuchipatala mutanyamula mapaketi a mankhwala ake onse. Kuchedwa kumatha kuononga impso ndi ubongo mpaka kalekale.

Chinanso, mutu ukamupweteka asamwe ibuprofen kapena diclofenac, chifukwa amakweza lithium m'magazi. Paracetamol ndiye alibe vuto limeneli.

Wa ku famase:
Ndiyankhe awo akuti angosiya masiku atatu. Njira imeneyi ndi yoopsanso. Lithium amachepa ndi theka m'magazi pa maola pafupifupi 24, ndiye pakutha masiku atatu chitetezo chambiri chapita. Kusiya lithium mwadzidzidzi kumabweza matenda msanga kuposa kusiya pang'onopang'ono, ndipo maganizo ofuna kudzipha amakwera m'miyezi yotsatira. N'chifukwa chake dokotala akagwirizana ndi wodwala kuti asiye, amachepetsa kwa masabata osachepera 4, makamaka mpaka miyezi 3, uku akumuona pafupipafupi. Ndipo kuyambiranso mlingo wonse pa tsiku lachinayi, thupi lili louma, ndiye kubwerera ku ngozi imene a namwino afotokoza ija.

Risperidone nayenso amatsitsa BP munthu akaimirira msanga. Wopanda madzi m'thupi, atagwada nthawi yaitali, akadzuka akhoza kuchita chizungulire n'kugwa.

Poti pano akuwerenga ndi ambiri omwa mankhwala ena, ndionjezere. Womwa clozapine akadumphitsa maola oposa 48 sayambiranso pa mlingo wakale, amayamba pang'ono moyang'aniridwa ndi dokotala. Amene wamwa diazepam kwa nthawi yaitali akasiya kamodzin'kamodzi akhoza kukomoka ngati wa khunyu. Paroxetine ndi venlafaxine ukazisiya tsiku limodzi kapena awiri zimabweretsa chizungulire, nseru, maloto oopsa ndi kumva ngati magetsi akukugwira m'mutu. Ambiri amati akulimbana ndi mizimu, pamene thupi likungosowa mankhwala amene linazolowera.

Membala wina:
Koma abale, Mulungu sachiritsa kodi? Ngati wakhala bwino chaka ndi theka, tidziwa bwanji kuti sanachire ngati sasiya?

Dokotala:
Funso lanu ndi lomveka, ndipo odwala ambiri amakhala nalo mumtima. Chovuta n'chakuti kukhala bwino uli pa mankhwala sikungakuuze ngati matenda atha, chifukwa ntchito ya mankhwalawo ndi yomweyo yokukhazika bwino. Bipolar imabwera ndi kupita, ndipo pakati pake munthu amaoneka wabwinobwino kwa miyezi kapena zaka. Ngati mlongoyu akukhulupirira kuti anachira, apite akanene zimenezo kwa dokotala wake poyera. Akhoza kukambirana zochepetsa mwadongosolo, pa nthawi ya bata, abale ake akudziwa zoti aziyang'ana. Sabata ya njala, ludzu ndi kusagona ndiye nthawi yoipitsitsa yoyesera.

Ndikhalitse pa kuchezera, chifukwa anthu amakupeputsa. Kwa munthu wa bipolar, kusagona ndi chimodzi mwa zinthu zodziwika kwambiri zoyambitsa mania, nthawi imene wodwala amatengeka ndi kukhala ndi mphamvu zopitirira muyeso, ndipo kwa ena usiku umodzi wokha umakwana. Zimayamba mokoma: munthu amadzuka ali ndi mphamvu atagona maola atatu okha, mawu amasefukira, amamva kuti Mulungu ali pafupi kuposa kale lonse. Anzake amamuyamikira kuti wadzazidwa. Patatha masiku ochepa wagawa katundu wake, wasiya ntchito, akuyenda usiku kuti watumidwa.

Sindingaweruze zimene munthu wamva kwa Mulungu, koma pali mafunso amene aliyense angafunse. Akugona maola ake a nthawi zonse? Akudya, akusamba, akugwira ntchito? Mungamudule mawu n'kukumverani? Akulola kuti zimene wamvazo ziyesedwe ndi ena, kapena amakwiya mukangofunsa? Mawu amene akumva akumulamula kudzivulaza kapena kuvulaza wina? Pa funso lomalizali yankho likakhala eya, kapena akatha mausiku awiri osagona koma osatopa, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Za pemphero louma, musazinyalanyaze, chifukwa ambiri amasiyira mankhwala pamenepa. Zikhoza kuchokera kutatu. Mwina akuyerekeza lero ndi moto umene ankamva pa nthawi ya mania, ndipo moto umenewo unali mbali ya matenda. Mwina mlingo wa risperidone wamukulira n'kumuziziritsa mtima, zimene dokotala angakonze pochepetsa kapena posintha mankhwala. Mwinanso ndi matenda okhumudwa amene akubwera mwakachetechete, kapena lithium wafooketsa chithokomiro cha pakhosi, chimene chimabweretsa kutopa, kuzizidwa, kunenepa ndi mphwayi. Womwa lithium amayenera kuyezedwa impso ndi chithokomiro miyezi 6 iliyonse. Ngati papita nthawi asanayezedwe, apemphe.

Mbusa:
Ndikuthokoza achipatala. Kwa anzanga otsogolera mapemphero: piritsi si chakudya, ndipo sitinapatsidwe udindo wouza munthu kuti asiye mankhwala amene sitinamulembere. Hezekiya atapemphera n'kulonjezedwa zaka zina 15, Yesaya analamulabe kuti amuike nkhuyu pa chithupsa chake. Pemphero ndi mankhwala zinayendera limodzi pamenepo. Abale athu achisilamu nawonso amadziwa kuti wodwala amaloledwa kusasala pa Ramadan.

Chimene chimamupweteka mlongoyu, ndikuganiza, ndi kuopa kuoneka wachikhulupiriro chochepa. Ndiye musamusiye yekha panja. Mtsogoleri alengeze kwa onse kuti odwala, oyembekezera, oyamwitsa ndi omwa mankhwala asale mwa njira ina, osatchula dzina la munthu. Akhoza kusala foni, wailesi kapena zakudya zimene amazikonda kwambiri. Pa usiku wochezera abwere madzulo, apemphere nanu, ikakwana nthawi yake yogona wina amuperekeze.

Namwino wa matenda a maganizo:
Ndaiwala chimodzi. Risperidone, komanso makamaka haloperidol, nthawi zina amaumitsa minofu mwadzidzidzi: maso kutembenukira m'mwamba, khosi kupindika, lilime kutuluka, nsagwada kuuma. Zimachitika kwambiri masiku oyamba kapena mlingo ukangokwezedwa, ndiye wosiyasiya ndi kuyambiranso amaziputa. Zimaoneka zoopsa ndipo ambiri amati ndi chiwanda, koma kuchipatala zimatha msanga ndi mankhwala monga benzhexol kapena jakisoni. Akavutika kupuma kapena kumeza, musadikire.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse, ndamva. Nanga atati asale masana okha, madzulo n'kudya ndi kumwa, zingatheke?

Dokotala:
Kwa ena zimatheka, koma wovomereza akhale dokotala wake amene akudziwa impso zake. Apite kukadali masabata awiri kapena kuposa. Akayezetse lithium m'magazi, ndipo magaziwo atengedwe patatha maola 12 chimwereni piritsi lomaliza, apo ayi zotsatira zimanama. Ngati mlingo uli kale kumtunda, kapena impso zafooka, kapena amamwanso mankhwala a BP okodzetsa, yankho likhala ayi.

Akaloledwa, njira yabwino ndi kusala chakudya chokha koma madzi akumwa tsiku lonse, malita awiri kapena kuposerapo. Mapiritsi amwe pa ola lomwe amamwera, atadya. Mchere m'chakudya cha madzulo ukhale monga mwa masiku onse, osachepetsa. Asagwire ntchito yotulutsa thukuta kwambiri. Agone maola ake onse. Akangoyamba kusanza, kutsegula m'mimba kapena kutentha thupi, amasule kusala pomwepo ndipo alankhule ndi achipatala asanamwe lithium wa usiku umenewo. Pakhale munthu mmodzi wa m'gulu mwanu, wosankhidwa ndi iye mwini, amene ali ndi nambala ya chipatala chake ndipo azimufunsa m'mawa uliwonse kuti wagona maola angati, mpaka patatha masabata awiri kusala kutatha.