Ophunzira anga asokonezeka ndi maliro a Addie Bundren, ndithandizeni nzeru

Mayi Nabanda: Aphunzitsi anzanga, ndabwera ndi vuto. Ndikuphunzitsa As I Lay Dying ya William Faulkner kwa a chaka chachiwiri ku koleji, ndipo funso la mayeso likhudza imfa m'bukuli. Ndi nkhani ya banja la a Bundren limene likunyamula mtembo wa mayi awo, Addie, pangolo kukauika kutauni ya Jefferson. Mitu 59, ofotokoza nkhani 15, ana angoti kakasi. Nditawapatsa ntchito yolemba, ambiri angolemba kuti imfa ndi yowawa ndipo a Bundren ankawakonda mayi awo, basi. Nthawi yatha, kwangotsala sabata. China, m'kalasimo muli mtsikana amene waika mayi ake mwezi wathawu, ndiye ndikuopa kufika pa mitu ya fungo ndi miimba ija.

Bambo Phiri: Mayi, yambirani pa mutu wa Addie mwini wake. M'buku lonse amalankhula kamodzi kokha. Mmenemo muli mawu a bambo ake aja, akuti munthu amakhalira moyo kukonzekera kukhala wakufa nthawi yaitali, komanso ndi mmene timamva kuti anamulonjezetsa mwamuna wake Anse kukamuika ku Jefferson kwa abale ake pofuna kumubwezera. Akamva zimenezo, zoti ulendowu ndi wa chikondi chokha zithera pomwepo.

Bambo Mwale: Achimwene aPhiri, pamenepo sindikugwirizana nanu. Faulkner anauika mutuwo mochedwa mwadala, bokosi litagwera kale mumtsinje. Timayamba kumudziwa Addie ngati katundu wa pangolo, wolemera, wonunkha, kenako mwadzidzidzi akulankhula. Mukawapatsa mawu ake poyamba, ana sadzamva kudzidzimuka kumeneko, ndipo ndi pamene pagona nkhani ya imfa m'bukuli.

Mayi Nachisale: Ine ndili mbali ya aMwale, koma vuto la achemwali silili pa mutu woyambira. Ana akufunafuna zimene bukuli likunena za imfa ngati kuti pali chiganizo chimodzi choti alembe mzere kunsi kwake. Mulibemo. Chimene chilimo n'chakuti mtembo ndi umodzi koma aliyense waunyamula mwa njira yake. Agaweni m'magulu, gulu lililonse litenge munthu mmodzi wa m'banjamo, liwerenge mitu yokhudza iyeyo, liyankhe funso limodzi: imfa ya Addie ikumuchititsa chiyani munthu ameneyu ndi manja ake?

Mudzaona okha atsegula maso. Cash akukhoma bokosi pansi pa zenera la mayi ake akadali moyo, kunyamula thabwa kuwaonetsa kuti aone ngati lili bwino, ndipo mutu wake wina ndi mndandanda chabe wa zifukwa 13 za mmene anadulira matabwawo. Munthu wosadziwa kulira ndi pakamwa, akulira ndi sowo. Vardaman, wamng'ono uja, anagwira nsomba yaikulu tsiku lomwe mayi anamwalira, naiona itadulidwa, ndiye m'mutu mwake mayi ake ndi nsomba. Ndiyenso anaboola bokosi kuti mayi apume, chiboolero n'kulowa kumaso kwa malemuwo. Pamenepa musathamangepo achemwali, muwerenge mokweza, chifukwa palibe malo ena m'bukuli pamene pakuoneka bwino chonchi mmene mwana amakanira imfa. Jewel amaupulumutsa mtembo kawiri, m'madzi ndi m'moto, ndipo hatchi yake amaisinthitsa kuti papezeke nyulu zina zokoka ngolo. Darl amayatsa khola la mlimi wina, Gillespie, mmene munali bokosilo, kuti mayi apse, manyazi athe, mapeto ake akumutengera kuchipatala cha amisala ku Jackson. Dewey Dell ali ndi pakati ndipo akufuna mankhwala ochotsera mimbayo kutauni. Anse akufuna mano oikirira.

Bambo Phiri: Chabwino, ndamva. Ndiye mutu wa Addie ubwere magulu atafotokoza. Ndiwonjezere chimodzi: afunseni apeze tsamba limene akufotokoza mwambo woika malirowo. Adzasakasaka. Ulendo wonse uja, mwendo wa Cash wothyoka n'kuuthira simenti, anthu a m'tauni ya Mottson atatseka mphuno, koma kuikako kumangodutsa m'mawu ochepa. Kenako Anse akutulukira ndi mano atsopano ndi mkazi watsopano, mayi amene kunyumba kwake anabwerekako mafosholo okumbira manda. Funso la mkangano likhale lakuti, ulendowu anayendera ndani?

Mayi Nabanda: Zikomo kwambiri. Ndimaganiza zoyamba ndi kuwafunsa za mitembo imene timanyamula kuchokera ku Johannesburg kubwera nayo kumudzi. Kodi zingathandize?

Bambo Mwale: Zithandiza pa mphindi zoyambirira, chifukwa palibe mwana amene angafunse chifukwa chake munthu amafuna kugona kwawo. Koma musachedwepo. Kwathu maliro ndi a mudzi wonse, pali adzukulu, pali amfumu. Ku Mississippi kwa m'buku la 1930 limeneli, anansi monga Vernon Tull amathandiza ndithu, amabwera kumwambo, koma ambiri akuona kuti kuyenda ndi mtembo masiku onsewo m'dzuwa la July ndi kumuchitira chipongwe malemu. Ana aone kusiyanako, asamawerenge ngati zikuchitika ku Ntcheu.

Mayi Nachisale: Za mtsikana woferedwayo, muitaneni payekha phunziro lisanafike. Mumuuze mosabisa zimene zili m'mitu imeneyo, bokosi lobooledwa, fungo, miimba, kuti zisamugwere m'kalasi anzake akumuyang'ana. Asankhe yekha gulu. Musamuloze kuti ayankhe, ndipo ngati akufuna kutuluka, atuluke osapempha. Ena amafuna kukhalapo ndithu, ndiye musamusankhire.

Mayi Nabanda: Ndichita momwemo. Lolemba magulu asanu ndi limodzi, ana asanu aja ndi Anse. Lachitatu mutu wa Addie, tiwerengere limodzi. Lachisanu funso la aPhiri. Mtsikanayu ndimuona mawa m'mawa. AMwale, ngati muli ndi manambala a mitu ya Darl munditumizireko, poti ndi 19, gulu limenelo ndiligawa pawiri.