Chikomekome cha mkuyu: n'kuyamikira kapena n'kunyoza?

Mphunzitsi wa ku Linga: Akuluakulu, ndithandizeni. Ana anga a Sitandade 5 ndikuwaphunzitsa kupeka ndakatulo zoseketsa, zoti mizere izithera mofanana: usipa ndi kuipa, chambo ndi mwambo, nsima ndi mtima. Ndinawauza kuti lembo lomaliza lokha silikwanira, poti mawu athu onse amathera pa a, e, i, o kapena u. Khutu limakoma maphatikizo awiri omaliza akagwirizana. Ndiye kamtsikana kena kanalembera azakhali ake omwe akukwatiwa:

Mkwatibwi wathu ndi uyu,
chikomekome cha mkuyu,
akaseka mano mbee,
akamuna m'maso mwee!

Kalasi yonse inafa nacho chiseko, ine n'kuchonga. Madzulo nditawawerengera amayi anga, anagwira pakamwa: "Mwana watukwana azakhali ake, iwe n'kuchonga?" Ndikudziwa kuti mwambiwu umatha ndi "m'kati muli nyerere", koma chikomekome pachokha ndi mawu oipa?

Wa ku Chia: Mwandikumbutsa agogo anga aakazi. Kunabwera mnyamata wina wovala suti kudzafunsira achemwali anga, nsapato zonyezimira ngati galasi. Agogo ankapeta mpunga pakhonde, sanadzutse n'komwe mutu, anangoti "chikomekome." Basi. Nyererezo sanazitchule, koma tonse tinazimva. Chaka chisanathe tinamva zoti ali ndi banja lina ku Chipoka.

Mkamwini wa ku Dwangwa: Ine ndikuti mwanayo sanalakwe. Nyerere zimapita pa chinthu chozuna. Ife kuno timakhala ndi nzimbe, tikudziwa. Munaonapo nyerere pa mwala? Mwambiwu ukutanthauza kuti chinthu chabwino chimakopa anthu ambiri. N'kuyamikira kumeneko.

Nabanda: Achimwene, imeneyo ndi yanuyanu. Anganga athu ankati tikatola nkhuyu tiziyamba taing'amba tisanaiponye m'kamwa. Kunja yofiira bwino, m'kati tizilombo lakalaka. Palibe ankatiuza kuti tizilomboto ndi umboni wa kukoma. Ndipo taonani, mtengo ndi mkuyu, chipatso ndi nkhuyu. Ana a lero zonse akuti mkuyu.

Wa ku Lifuwu: Tizilombo timene timapezeka m'nkhuyu nthawi zambiri si nyerere, ndi timavu ting'onoting'ono. Maluwa a mkuyu ali m'kati mwa chipatsocho, ndiye kamavu kakakazi kamalowa pa kabowo ka kunsonga, n'kuikira mazira, n'kusiyamonso mungu. Popanda timavuto mbewu za mkuyu sizingakhwime. Makolo ankangoti nyerere poti n'tating'ono.

Mkamwini wa ku Dwangwa: Mwamva? Tizilomboto n'tothandiza! Ndimanena ine.

Nabanda: Tothandiza mtengo, osati wakudya.

Wa ku Chia: Aphunzitsi, atengereni anawo pa mkuyu wa pa boma la Nkhotakota paja, umene amati David Livingstone anakumanapo ndi Jumbe m'ma 1860 kukamba za malonda a akapolo. Si patali ndi inu. Akaone okha mtengo umene akuuimbawo. Ambiri amangoudutsa, foni ili m'manja.

Nabanda: Vuto ndi lomwelo. Mdzukulu wanga ndikamufunsa wadzuka bwanji akuti "bho". Chilichonse ndi "ngini": ndipatseni ngini, ndikupita ku ngini. Ndinamuuza kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, iye n'kundifunsa kuti ng'onayo ili kuti, ku Bua? Ndiye mukawapatsa theka la mwambi angadziwe bwanji kuti theka linalo limaluma?

Mphunzitsi wa ku Linga: Amayi, koma kamtsikanaka mwambi kanaumva kwinakwake, ndiye kuti pakhomo akuyankhulabe. Ndakafunsa lero kuti kanatengeranji mawuwo. Kakuti kanasowa china chothera ndi "uyu". Ndapempha kalasi yonse ipeze ena, apeza amodzi okha: "yemweyu", ndipo sakugwirizana bwinobwino. Mnyamata wina wawonjezera mzere wake: "akamuna ndi kapuyu". Ndamufunsa kapuyu n'chiyani, akuti sakudziwa, koma zikumveka.

Mkamwini wa ku Dwangwa: Musasinthe ndakatuloyo aphunzitsi. Akaiwerenge pa ukwatipo. Mudzaona anthu akufupa.

Nabanda: Akaiwerenge pamaso pa ankhoswe a kuchimuna? Inuyo mudzakhalepo kuti mudzawafotokozere za nzimbe zanuzo.

Mkamwini wa ku Dwangwa: Ukwati uli liti?