Ndithandizeni maganizo: masiku atatu ku Johannesburg ndi ndalama zochepa

Moni nonse a pagulu lino. Ndine mphunzitsi wa ku Chilomoni, ndipo tchuthi chikubwerachi ndikwera basi pa Wenela kupita ku Johannesburg kukaona mng'ono wanga amene wangobereka kumene. Ndidzakhala ndi masiku atatu okha oyendayenda, ndipo ndalama zimene ndatenga ku banki mkhonde ndi zochepa, moti randi iliyonse ndiyenera kuiwerengera.

Chimene chikundikoka mtima kwambiri ndi ichi. Agogo anga aamuna anapita ku migodi ya ku Joni kudzera pa Wenela pomwepo, ndipo anabwerako m'chaka cha 1974, chaka chimene ndege yonyamula anthu a m'migodi inagwa ku Francistown, Kamuzu n'kuletsa zolemba anthu ntchitoyo. Anabwera ndi njinga, sutikesi yachitsulo komanso chifuwa chimene sichinawasiye mpaka imfa yawo. Sutikesiyo ilipo mpaka lero, mayi anga amasungiramo mbale za alendo. Ndikufunitsitsa kukafika ku Workers' Museum ku Newtown, komponi yakale ya mu 1913 kumene amuna ochokera kutali ankagona pa mabedi a simenti. Ndikudziwa kuti inali ya antchito a khonsolo osati a mumgodi, komabe ndikufuna kuona ndi maso anga kagonedwe kamene agogo sankafuna kukakamba. Kodi amene munafikako posachedwapa munapeza potsegula, nanga pakhomo amalipiritsa?

Ndikuganizanso za Apartheid Museum, imene inatsegulidwa mu 2001 pafupi ndi Gold Reef City, komanso za ku Soweto, kumene kuli Hector Pieterson Museum ndi nyumba ya Mandela pa 8115 Vilakazi Street. Ngati ndalama zingandikwanire malo amodzi okha, ndisankhe ati? Kodi mabasi a Rea Vaya ndi odalirika kwa mlendo amene sadziwa chilankhulo cha kumeneko?

Zogula sindikufuna zambiri: mabulangete awiri ndi nsapato za kusukulu za ana anga. Ena akuti ku Dragon City, ena akuti ku Oriental Plaza, ndipo ndikuopa kuti zimene ndapulumutsa pogula zingadzathere pa msonkho pa chipata cha Mwanza.

Yankho loyamba:
Aphunzitsi, ine ndimayenda njira imeneyi kukaoda katundu. Newtown ndi Fordsburg, kumene kuli Oriental Plaza, n'zoyandikana, choncho Workers' Museum ndi Oriental Plaza muziphatikize tsiku limodzi, makamaka lomaliza, kuti mudziwe ndalama zimene zatsala musanayambe kugula. Malisiti onse muwasunge m'chikwama chimene mwayika pasipoti, chifukwa a MRA pa Mwanza akamawerengera msonkho malisitiwo ndiwo amakulankhulirani. Mufunsenso msanga mtengo wa katundu wopitirira muyeso pa basi, popeza mabulangete amadya malo.

Yankho lachiwiri:
Mayi, ine ndingasankhe Soweto. Kuchokera pa Hector Pieterson Museum kukafika pa nyumba ya Mandela mumayenda wapansi, ndipo chikumbutso cha ana asukulu amene anaphedwa pa 16 June 1976 chili panja, mumachiona osalipira. Inu ngati mphunzitsi, malo amenewo akakukhudzani kwambiri. Apartheid Museum imafuna maola angapo komanso kuwerenga kwambiri, motero si yopitako mothamanga. Munyamule kamba wochokera kunyumba kwa mng'ono wanu, chifukwa zakudya za pa Vilakazi Street mitengo yake anaikira alendo ochokera kunja.